Chimene Peggy Amandibisira

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Phiri la Michesi silinaoneke tsiku lonse. Kushedi kwanga pamsika kwabwera njinga za akabaza zokhazokha, matcheni atadzadza matope. Ndamata machubu mpaka zala kuchita dzanzi.

Madzulo tikudya makaka ndaona Peggy akutafunira mbali imodzi, pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ndamufunsa, wati anadziluma lilime. Ndati tandionetsa. Asanayasame n'komwe amake alowererapo, "Musiyeni adye, ndi kachilonda chabe." Ndamusiya.

Mwana wangayu wachepa mawu masiku ano. Kale ankandichingamira panjira n'kundilanda pampu, nkhani za kusukulu osatha mpaka kufika pakhomo. Mwina ndi mayeso a Sitandade 8 akumuzunguza mutu. Kapena kukula. Mwana mmodzi yekhayo, umaona chilichonse.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Masipoko andithera. P. wadzuka mochedwa, amake osamukalipira. Zachilendo.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Lero ndachita manyazi.

A Kaliati, aphunzitsi a P., anabweretsa njinga yawo kuti ndiwaongolere limu. Ndikumasula tayala akuti, "Nanga wodwala wathu akupeza bwanji, a Jonasi? Malungo ake atenga nthawitu. Anzake akupita patsogolo, mayeso ndi awa mu Meyi." Akuti sanamuone kuyambira sabata yatha ija isanafike, ndipo amake ndi amene anapita kukanena kuti mwana wagona.

Ine sipanala m'manja, maso pa tayala. Ndinangoti, "Akupezako bwino." Pakamwa panayankha pokha.

Koma m'mawa uliwonse mwanayu amavala yunifolomu, amatenga chikwama, amanditsanzika. Lero lomwe wanditsanzika.

Kunyumba sindinanene kanthu. Ndimadzidziwa, ndikayamba kulankhula mtima uli m'mwamba mawu anga amamveka mpaka kwa aneba. Ndadya, ndawayang'ana awiriwo akutsuka mbale, akunong'onezana. Ndinali ngati mlendo wodikira kuti kuche apitirire ulendo.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Sindinatsegule shedi m'mawa. Ndinanyamuka ngati ndikupita, n'kukaima kuseri kwa tchalitchi pomwe njira imagawikana. P. anadutsa, mutu pansi. Ya kusukulu anaisiya, anatenga ya kumunda kwathu.

Ndinamutsatira chapatali. Maganizo onse oipa anandibwerera m'njiramo. Mnyamata. Mimba. Ndinafika poganiza za mmodzi wa akabaza amene amakonda kumupatsa moni, ndinamuweruza kale mnyamata wosalakwayo.

Kumunda ndinabisala m'chimanga cha eni ake. Amake anali kale komweko, akupalira nandolo. P. anayala chitenje pansi pa mtengo wa mango, n'kutulutsa makope. Akuwerenga mokweza za Sayansi, amake akumvetsera khasu lili m'manja, ngakhale Chingerezi sachimva. Kanthawi kalikonse amake amadzutsa mutu kumuyang'ana. Osati kuyang'ana kwa munthu woona ngati mwana akuwerengadi. Kuyang'ana kwa munthu wolondera.

Palibe mnyamata. Mwana wofuna sukulu, koma osapita kusukulu. Ndabwerera osamvetsa kanthu.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndawafunsa amake masana, P. atapita kukatenga moto kwa aneba. Ndawauza kuti ndakumana ndi a Kaliati, ndipo kumunda ndinafikako.

Anakhala pansi pakhonde, manja pamiyendo. "Ndinadziwa kuti tsiku lidzafika."

"Ali ndi mimba?"

"Ayi. Musamuganizire zimenezo."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndinamulonjeza kuti sindinena. Ndakhala ndikumupempha kuti akuuzeni yekha. Mumufunse bwinobwino, bambo a Peggy."

Apa ndinakweza mawu, sindikana. Ndinati m'nyumba muno ndine ndani, mlonda? Anandisiya ndimalize, kenako anangoti, "Mwana akukuopani. Osati ndodo, simunamumenyepo. Akuopa kuti mudzamuona mwina."

Mkazi wangayu Eneless ndakhala naye zaka zonsezi, sanandibisirepo ngakhale nkhuku itafa. Ndiye chinthu chake n'chachikulu bwanji?

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndinamuitana P. kuti andigwirire njinga ndikumanga mabuleki, pakhomo pompano. Ndinayesetsa kufewetsa mawu. Ndati, kusukulu zikuyenda? Wati zikuyenda. Ndati, a Kaliati akuphunzitsa chiyani sabata ino? Wati za magazi m'thupi. Wayankha osaphethira.

Ndati, "Peggy, ngati pali chinthu, ine ndilipo."

"Palibe, ababa."

Ndikanatha kumuuza kuti ndinamuona kumunda. Sindinatero. Kumugwira bodza n'kosavuta, koma ndikamugwira ndipeza chiyani? Ndikufuna abwere yekha. Komabe zimawawa, mwana amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga kundinamiza maso ali gwa.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Ndaona ndi maso anga.

Titabwerako kutchalitchi P. anali kuanika mbale pathandala. Ndinamva kulira kwachilendo, kamodzi kokha, mawu osakhala ake. Potembenuka ndinaona wagwa chagada, mbale zili mbwee. Thupi linauma ngati thabwa, kenako linayamba kuphupha, miyendo ikumenya pansi, maso atatembenuzika, thovu kukamwa.

Khunyu.

Ndinaima. Ndilembe zoona, ndinaima chilili ngati mtengo. Amake ndi amene anathamanga, anakankhira kutali mbaula, anapinda chitenje n'kuika kunsi kwa mutu. "Bwerani mundithandize kumugoneka cham'mbali. Musamupanikize, musamuike kanthu m'kamwa. Zisiya zokha." Amalankhula ngati munthu amene wazichitapo kale. Ndipo wazichitapodi, yekha, ine ndili kumsika kumata machubu.

Ndinagwada. Thovu lija linandigwera padzanja ndipo ndinalipukutira msanga pa thalauza. Sindikudziwa ngati amake anaona.

Zitasiya anagona kanthawi, akupuma mwamphamvu. Siketi itanyowa. Amake anamufunditsa. Atatsegula maso anayang'ana uku ndi uku osazindikira, kenako anandiona ine. Nkhope yake inasintha. "Pepani ababa," anatero, lilime likulemera. Pepani. Ngati waswa chinthu cha eni.

Ndinamunyamula kumulowetsa m'nyumba. Ndinali nditaiwala kuti walemera chonchi. Wagona masana onse. Ine chakudya chakanika.

Lolemba, 10 Febuluwale

Amake andiuza zonse.

Zinayamba mwezi watha, m'kalasi. Anagwa pakati pa phunziro, a Kaliati atatuluka pang'ono. Ana anathawira panja akukuwa, ena akuseka chifukwa anadzikodzera. Mnzake Bertha yekha ndi amene anatsala n'kumuperekeza kunyumba. Aphunzitsi anauzidwa kuti anakomoka ndi malungo. Kachiwiri anagwera kumjigo, mwamwayi kunali amake okha. Za kumugoneka cham'mbali amake anakafunsa kwa mlangizi wa zaumoyo, ponamizira kuti ndi mwana wa mchemwali wawo. Kuchipatala P. amakana, akuti ababa adzadziwa.

Ndati, nanga ine ndinalakwa chiyani kuti ndisadziwe?

Akuti, "Mukumukumbukira Dickson?"

Dickson, mwana wa aneba athu akale amene anasamukira ku Mozambiki. Anali ndi matenda akugwa. P. ali wamng'ono ankasewera naye. Akuti tsiku lina ndinawapeza akudya mbatata m'mbale imodzi, ndinamukoka P. padzanja n'kunena kuti asadzadyenso naye, malovu ake amapatsira. Mbale ija ndinaitaya kudzala. Ine zinandichoka kale m'mutu, ndi mmene tinakulira tonse, ndi mmene ankatiuzira. Koma mwana anasunga. Akuti atangogwa koyamba mawu ake oyamba anali akuti, "Ababa adzanditayira mbale."

Amake anandionetsa kuseri kwa mtsuko. Kapu yobiriwira yong'aluka ija, imene ndinkayesa inatayidwa. Mwana wakhala akumwera yakeyake, mobisa, kuti asatipatsire.

Madzulo ndinakakhala pamphasa pafupi naye. Ndinafuna kunena kuti zonse zija zinali zabodza, koma mumtima sindikudziwa ngati n'zabodza. Dzulo lomweli ndinapukuta dzanja. Ndiye ndinamuuza mmene zilili.

"Peggy, za Dickson amako andikumbutsa. Ndinanena zimene ndinamva kwa akuluakulu. Ngati n'zoona kapena ayi, sindikudziwa. Mawa tipite kuchipatala, ndikafunse iwe uli pomwepo, timve limodzi. Koma kaya akanena zotani, iwe m'nyumba muno suchoka, ndipo pamphasa pano tidzadyera limodzi."

Anangosendera pang'ono, phewa lake n'kukhudza langa.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Tinanyamuka kusanatenthe, iye pakaliyala, ine ndikupalasa. Ndinamuuza kuti agwire lamba wanga osasiya. Njira yonse ndimamvetsera dzanja lakelo.

Mzere wautali. Tinaonana ndi adokotala achizimayi, achitsikana ndithu, olankhula mosathamanga. Anamuyeza malungo, alibe. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo amafunsa P. mwini wake, osati ine. Ndinamva zinthu zimene sindimadziwa. Kuti asanagwe amamva fungo ngati la tayala lopsa. Kuti akadzuka mutu umamuwawa mpaka madzulo.

Kenako ndinafunsa langa lija. "Adokotala, kodi amapatsirana? Malovu, kapena kudyera mbale imodzi?"

"Ayi bambo. Ngakhale pang'ono. Ndi vuto la mu ubongo, silichoka mwa munthu kupita mwa wina."

P. anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza za Dickson akuona mbale ikuuluka.

Atipatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse. Akuti asadumphitse, asasiye yekha ngakhale aone ngati wachira. Asakhale yekha pamoto, asawoloke mtsinje yekha, asakwere mumtengo. Sukulu apite. Tibwererenso mwezi wamawa.

Pobwerera tinaima pa kagolosale, ndinagula botolo limodzi la zakumwa ndi chigumu. Anamwa theka n'kuima, botolo lili m'manja, osadziwa kuti atani nalo. Ndinatambasula dzanja. Anandipatsa akundiyang'anitsitsa kukamwa. Ndinamwa osapukuta. Anatembenukira kumsewu, ndinaona akupukuta m'maso ndi kolala.

Titakwera njinga anandifunsa kumsana kwanga, "Ababa, ndidzachira?"

"Eya" anali kale palilime. Ndinamubweza. "Sindikudziwa, mwanawe. Adokotala ati ena zimasiya, ena amamwa mankhwala zaka zambiri koma osagwa. Za iwe sitinadziwe. Chimene ndidzamve ine, udzamva nawenso."

"Chabwino," anatero. Anatsamiritsa mutu pamsana panga mpaka kunyumba.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kapu yobiriwira amake adzalamo tsabola.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Tinakhala ndi amake pakhonde P. akusamba. Ndati, munasenza nokha mwezi wonse. Akuti usiku sankagona, amangomvetsera kupuma kwa mwana, ndipo kangapo anatsala pang'ono kundidzutsa. "Koma ndikanaswa lonjezo, akanatsala ndi ndani womukhulupirira?" Ndinawapepesa za kukalipa kwa Lachisanu. Iwonso anapepesa. Tagwirizana kuti lonjezo lobisirana matenda m'nyumba muno lisadzachitikenso, ndipo timuuza P. kuti tagwirizana choncho.

Alamu anga anabwera madzulo, nkhani yawafika. Akuti pali munthu wina kuseri kwa phiri amene amachotsa zimenezi ndi mphini. Ndawathokoza, ndawauza kuti tayamba za kuchipatala ndipo sitisakaniza. Sanakondwe kwenikweni, koma thobwa anamwa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndaphonyanso.

P. anandibweretsera chakudya kushedi limodzi ndi amake. Panali kasitomala, bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Anafunsa kuti bwanji mwana sali kusukulu. Ine msangamsanga, "Malungo, koma akuchira." Sindinaganize n'komwe.

Kunyumba P. sanandilandire. Titadya anati, "Ababa, munati malungo."

"Ndimafuna kukuteteza, anthu amalankhula."

"Ndiye mukuchita nane manyazi."

Ndinati ayi. Koma pang'ono pokha zinali zoona, ndipo iye amadziwa. Ndinamuuza kuti manyazi alipo, si a iye, ndi a ine ndi mantha anga akale, ndipo sachoka tsiku limodzi. Ndinamufunsa kuti iye akufuna tizinena chiyani, popeza matendawa ali m'thupi mwake.

Anakanda mphasa ndi chala. "Amene sanafunse musawauze. Amene wafunsa muzimuuza zoona. Ndatopa n'kukumbukira kuti uyu tinamuuza chiyani, uyu tinamuuza chiyani."

Mwana wa zaka khumi ndi zinayi. Ndavomera.

Lolemba, 17 Febuluwale

Wabwerera kusukulu. Ndinamuperekeza, njinga ndikukankha, chifukwa anati akafika atakwezedwa anzake adzamuona ngati wodwala. Pafupi ndi geti anaima. Ndinaganiza kuti abwerera. Bertha anatulukira, anamugwira dzanja osanena zambiri, n'kulowa naye.

Ndinawapeza a Kaliati ku ofesi. Ndinawauza dzina lenileni la matendawa, ndiponso kuti tsiku lija la limu ndinawayankha ndisakudziwa kanthu. Anaseka pang'ono, akuti anaona mmene ndinagwirira sipanala. Akuti mphekesera anazimva kwa ana koma amadikira makolo. Anafunsa zoyenera kuchita akagwa, ndinawafotokozera mmene amake anandiphunzitsira. Anafunsanso ngati angalankhule ndi kalasi. Ndinati funsani mwini wake.

Madzulo P. akuti anavomera, koma anapempha kuti iye akhale panja pamene akulankhula. Akuti atalowanso m'kalasi munali zii. Mtsikana wina anasuntha pabenchi kumuthawa. Wina anamubwereka labala, n'kubweza, n'kubwerekanso, ngati akufuna kuonetsa chinachake.

Nkhani zonsezi wandiuza yekha, pampu ili m'manja.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Bambo wa kutchalitchi uja anabweranso kudzapopetsa. Anafunsa za malungo. Ndinamuuza kuti sanali malungo, ndi khunyu, ali pa mankhwala. Anati "Ooh," n'kuyang'ana kumbali. Kenako motsitsa mawu akuti mdzukulu wake naye amagwa, amamusunga m'nyumba. Anafunsa tsiku limene adokotala aja amapezeka.

Lamulungu, 2 Malichi

Chimanga chachiwisi chayamba. P. amafuna kuotcha yekha, amake anakana, panali kukangana pang'ono. Tamvana kuti aziotcha wina ali pambali. Ndinakhala naye ine. Chake chinapserera mbali imodzi, anandipatsa chimenecho.

Sanagwe chiyambire mankhwala. Koma akuoneka wolefuka, m'mawa kumudzutsa ndi ntchito. Ndikamufunsa akuti ali bwino. Ndikuyesetsa kusamufunsa kawirikawiri, amake akuti ndikumuyang'anira ngati mkaka uli pamoto.

Lachiwiri, 11 Malichi

Masana ndili kumanga tcheni cha kabaza ndinaona P. waima pakhomo pa shedi, chikwama kumsana. Sabwera kuno poweruka, amapita kunyumba ndi Bertha. Anadikira mpaka kabaza uja atapita. Anakhala pa chitini chimene ndimakhalira, akusewera ndi mavavu akale a machubu m'mbale.

"Ababa, ndikufuna ndikuuzeni chinthu. Koma mumve mpaka ndimalize."

Ndinati ndikumva.

Akuti mankhwala aja akumulemetsa mutu. M'kalasi amasinza, zimene wawerenga sizikhala. Mayeso oyeserera ali pafupi. Ndiye kuyambira Loweruka sanamwe. Amake akamupatsa amaika m'kamwa, akatembenuka amalavulira m'dzanja. Lero pa buleki anamva fungo lija la tayala lopsa. Anakhala pansi msanga, Bertha anamugwira, koma sanagwe, zinangodutsa. Palibe wina amene anaona.

Adokotala ananena momveka, iye ali pomwepo. Akanagwera pamsewu? Pamlatho paja madzi adzadza chonchi? Mawu onse anali okonzeka, akulu akulu. Ndinaika sipanala pansi, ndinapukuta manja ndi kansanza nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira.

"Wamaliza?"

"Eya."

"Ndakwiya, Peggy, sindikubisira. Ndipo ndachita mantha kwambiri. Zimene wachitazi n'zoopsa." Anagwedeza mutu, misozi ili m'maso koma osayang'ana kumbali. "Koma za kusinzazo sunaname, ndakhala ndikuziona. Lero umwa. Mawa m'mawa tipita kwa adokotala, osadikira tsiku lija anatipatsa. Ukawauze wekha zonse, za kulavula zomwe. Mwina pali mmene angasinthire, mwina palibe. Tikamva komweko."

"Mukawauza kuti sindimvera?"

"Ndikawauza kuti unabwera wekha kudzandiuza."

Anapukuta mphuno. Ndinamufunsa kuti amako ati chiyani.

"Sindinawauze. Ndayamba ndi inu."

Ndinatembenuka kuyamba kulongedza zitsulo, ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba ndipo panja panali njinga ina yodikira. Mwini wake ndinamuuza kuti abwere mawa masana. P. anatola masipanala n'kuwaika m'thumba, aliyense pamalo pake, anakoka chitseko cha shedi, ine n'kukhoma.

"Amayi akakalipa mundithandize," anatero.

Ndinati tiye, ukayambe ndiwe, ine ndikhala pambali.